Ana a achimwene akubwera ku tchuthi kuchokera ku Leeds, ndizichita nawo chiyani milungu inayi?

NaPhiri wa ku 25: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu. Achimwene anga amene amakhala ku Leeds ku Mangalande akutumiza ana awo atatu limodzi ndi mlamu wanga. Afika pa bwalo la ndege la KIA kumapeto kwa Julayi sukulu za kumeneko zikangotsekera, adzabwerera kumapeto kwa Ogasiti. Wachisamba ndi mtsikana wa zaka 13, wapakati ndi mnyamata wa zaka 9, mzime ndi kamtsikana ka zaka 6. Wamkuluyo anabwerako ali wakhanda, awiri enawo Malawi amangomuonera pa foni. Achimwenewo atsala, akuti kuntchito sanawapatse tchuthi, ndiye udindo wonse wagwera ine azakhali. Pulogalamu ndalemba motere: sabata yoyamba Lilongwe, yachiwiri kunyanja, yachitatu Liwonde ndi Zomba poti kwawo kwa mlamu ndi komweko, yomaliza Mulanje. Kwa agogo awo ku Linthipe tidzangodutsako tsiku limodzi kukapereka moni. Mukuona bwanji? Mantha anga ndi oti angatope ndi kukhala, n'kukauza bambo awo kuti kwa azakhali kulibe chochita.

Make Tada: Tsiku limodzi kwa agogo? Achemwali, mukufuna mayi anu adzakudandauleni mpaka kumanda? Ana adutsa mtunda wonsewo kudzaona maloji?

Bambo a Mapasa: Ine pamenepa ndangoona mafuta okhaokha. Lilongwe, Mangochi, Liwonde, Zomba, Mulanje, n'kubwereranso. Achimwenewo atumiza mapaundi angati kkkkk

NaPhiri wa ku 25: Atumizadi koma si zoti n'kumwaza ayi. Zakumudzizo ndikuopa chimbudzi chokumba, magetsi kulibe, netiweki mpaka ukwere pachulu. Ana ozolowera zofewa amenewa.

Nachisale wa ku Nottingham: Ndiyankheko monga munthu amene ndabweretsako ana anga kawiri. Ulendo woyamba abale anga anachita ndendende zomwe mukufuna kuchitazi. Anawatengera kumashopu akuluakulu, kokadya piza, kokadumphadumpha pa zibaluni zija. Ana anangoyang'ana, chifukwa zimenezo kuno zili pakona iliyonse ndipo n'zazikulu kuposa. Ndalama zinapita, chokumbukira palibe. Ulendo wachiwiri galimoto inawonongeka, tinakakamira kumudzi ku Ntcheu masiku asanu ndi anayi. Mpaka lero mwana wanga wamwamuna akamafotokozera anzake za Malawi satchula nyanja. Amatchula tsiku limene anathamangitsa tambala ndi asuweni ake mudzi wonse, kupopa mjigo, ndi kukwera ngolo pokatuta chimanga. Kuno mwana satuluka pakhomo popanda wamkulu, nthawi yozizira mdima umagwa 4 koloko. Ndiye tangoganizani kumuuza kuti pita ukasewere, ubwere dzuwa likapendeka. Chimenecho ndiye chimene alibe. Chimbudzi amazolowera tsiku lachiwiri. Mugule tochi, pabowo pakhale chivundikiro, usiku muziika kandowa m'nyumba chifukwa cha wamng'onoyo, basi.

Aphunzitsi a Std 5: Ndipo mwachita mwayi chifukwa tchuthi chathu chachitali chikugwera nthawi yomweyo. Akanabwera pakati pa teremu bwenzi akungokhala okha ndi agogo m'mawa wonse. Apa apeza bwalo lodzaza: phada, fulaye, jingo, chipako, mpira wachikulunga, bawo pansi pa mtengo. Wa zaka 9 uja mungomupezera waya ndi zitsekerero zamabotolo n'kumupereka kwa anyamata apamudzi, galimoto yamawaya imudyera masiku atatu osafunsa foni. Kamzimeko mukasiye ku masanje. Inu ntchito yanu ndi kupereka kaufa pang'ono, tomato ndi kamchere, ndi kuika mtsikana wamkulu woyang'anira moto.

Namwino Wopuma: Musanafike pa zosangalatsazo ndiyambe ndaika zanga, mundikhululukire ndi chizolowezi cha ntchito. Choyamba malungo. Ana obadwira kunja alibe chitetezo chilichonse m'thupi, ndipo ngakhale mlamu wanuyo chomwe anali nacho chinatha kalekale. Musanamizidwe kuti Ogasiti kulibe udzudzu. Ku Dedza ndi wochepa inde, koma kunyanja ndi ku Liwonde ulipo chaka chonse. Auzeni apite kwa dokotala wawo komweko asananyamuke, awapatse mankhwala oteteza, ndipo amwe mpaka masiku amene auzidwa atabwerera kale. Ambiri amasiya tsiku lokwera ndege, pamenepo ndi pomwe pamalakwika. Neti usiku uliwonse. Mwana akatentha thupi, tsiku lomwelo akayezetse, osayamba ndi panado n'kumadikira.

Chachiwiri agalu. Ana akunja amaona galu aliyense ngati wogona naye pampando. Auzeni tsiku loyamba kuti galu wam'mudzi sagwidwa. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda mphindi 15 ndipo thamangani kuchipatala, chiwewe sichidikira.

Chachitatu chimene anthu amaiwala: funsani mayi awo ngati pali amene thupi lake limadana ndi mtedza. Kunjaku ana otere ndi ambiri, pomwe ife nsinjiro timathira paliponse, m'phala, m'nkhwani, m'futali. Agogo awuzidwiretu.

NaPhiri wa ku 25: Amayi zikomo kwambiri, za mtedzazo sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Ndafunsa pompano, akuti palibe vuto, wapakatiyo chiponde amachita kunyambita m'botolo.

Mphwake wa Asodzi: Za kunyanja ndiyankhe ine wa ku Monkey Bay. Julayi ndi Ogasiti ndi nyengo ya mwera. Mphepo imeneyi ikauka nyanja imachita mafunde oti ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda. Ndiye musakwere boti chifukwa choti mwalipira kale, mufunse eni nyanja m'mawa umenewo, ndipo jekete yoyandamitsa mwana aliyense avale yake, osati ziwiri ana asanu. Ku Cape Maclear kuli bwino chifukwa zilumba zimatchinga. Apite ku Thumbi ndi magalasi oonera pansi pamadzi akaone mbuna, tinsomba tabuluu ndi tachikasu tija tomwe kwawoko amationa m'magalasi am'nyumba. Malo amenewo ndi paki kuyambira 1980, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 1984 chifukwa cha tinsomba tomweto. Anyamata amaboti amaimbira nkhwazi likhweru n'kuponya nsomba, iyo n'kutsika kudzatola pamadzi ana akuona. M'mawa kwambiri atengereni kugombe la mudzi wa Chembe akaone usipa ukuyanikidwa pamathandala. Komanso imbani foni kaye komwe mukafikireko, mu 2024 madzi anakwera n'kumeza mchenga malo ambiri, zithunzi za pa intaneti zina ndi zakale.

Make Tada: Nanga likodzo? Ine ana anga sindiwalola n'komwe kuponda m'nyanja.

Mphwake wa Asodzi: Mayi, ndiye abwere ku Malawi osasambira m'nyanja? Tonse tinakulira momwemo.

Namwino Wopuma: Nonse muli ndi mbali yoona. Likodzo kunyanja liliko, ku Cape Maclear komweko liliko, tisabise. Limachokera ku nkhono zam'madzi, makamaka m'mabango ndi m'madzi osaya pafupi ndi pomwe anthu amachapa ndi kusamba. Asambire malo amiyala akuzilumba, apewe m'mabango. Koma zimenezo zimangochepetsa, sizitseka khomo. Chofunika ndi choti akabwerera mayi awo akanene kwa dokotala kuti ana anasambira mu nyanja ya Malawi. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma kumwa tsiku lotuluka m'madzi n'kutaya, chifukwa amapha nyongolotsi zikakula, ndiye pamayenera kupita milungu ingapo. Ndaonapo anthu akugulira ana mapilitsi pagombe pomwepo n'kumati tathana nazo. Ayi.

Wa ku Chipata: Ngati adzakhalapo mpaka Loweruka lomaliza la Ogasiti bwerani nawo ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia. Kuchoka ku Lilongwe kudzera pa Mchinji si patali. Akaone Achewa a maiko atatu pamodzi pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Bambo a Mapasa: Fumbi ndi chinamtindi cha ku Mkaika ndi mwana wa zaka 6? Komanso mapepala apachipata a ana a mapasipoti akunja? Ameneyo adikire akule. Ngati nkhani ndi gule, ku Linthipe komweko nyengo ino atuluka okha, anthu akolola.

Mayi Busa: Ine za gulezo ana musawatengereko, pepani. Makolo awo mwina ndi opemphera.

Chatsalira: Amayi, kuona si kulowa. Ana amenewa ndi Achewa, adzafunsidwa kusukulu kwawo za chikhalidwe chakwawo n'kusowa chonena. Njira yapakati ilipo: popita kunyanja atsikire msewu wa Khwekhwerere ku Golomoti, apatukire ku Mua. Pamishoni ya Akatolika pomwepo pali Kungoni, yomwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, ndipo mu nyumba ya Chamare muli zigoba za gule mazanamazana zofotokozedwa bwinobwino, pamodzi ndi za Angoni ndi Ayao. Ngati ansembe anaziika m'nyumba kuti anthu aphunzire, ife tikuopa chiyani? Koma kumudziko muwalangize: akakumana ndi zilombo panjira apatuke, asaloze chala, ndipo wa zaka 13 uja asatulutse foni kuti ajambule. Pamenepo mutha kulipa mbuzi.

Mayi Busa: Za ku Mua ndilibe nazo mawu. Koma mufunse makolo, ndi pomwe ndaima.

Bambo a Mapasa: Khwekhwerere ameneyo mutenge mapepala apulasitiki ndipo asadye zamafuta m'mawa. Mapasa anga anasanza makona onse mpaka ku Golomoti.

Nangondo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma pali funso limene palibe wafunsa. NaPhiri, inu muli ndi ana pakhomo? Pa maulendo onsewa iwo ali pati?

NaPhiri wa ku 25: Ndili ndi anga awiri, wa zaka 12 ndi wa zaka 8, komanso ndikulera mwana wa malemu mng'ono wanga, wa zaka 10. Galimoto ndi ya anthu asanu, ndiye ndimaganiza kuti iwowa atsale ndi bambo awo, poti nyanja anaionapo kale.

Nangondo: Ndimadziwa. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Ndili ndi zaka 11 kunabwera asuweni anga ochokera ku Joni. Ndinkakhala kwa amalume nthawi imeneyo, mayi anga atamwalira. Tinasamutsidwa kuchipinda kukagona pabalaza, zimenezo sindinadandaule, mlendo ndi mame. Koma m'mawa uliwonse ine ndi amene ndinkawatenthetsera madzi osamba, iwo akudya mazira ndi soseji ife tikudikira phala. Tsiku lopita ku Salima ndinadzuka 4 koloko, ndinasita diresi yanga ya kutchalitchi, ndinathandiza kukazinga nkhuku ya kamba wapanjira. Galimoto itadzaza anandiuza kuti iwe tsala uziyang'anira nyumba, udzapita ulendo wina. Ndinaima pageti mpaka fumbi linatha. Lero ndili ndi zaka 41, asuweni angawo timalankhulana pa WhatsApp mwaulemu, koma chibale chenicheni palibe, ndipo si kulakwa kwawo, anali ana. Anabwerera kwawo akudziwa kuti ine ndi mtsikana wotenthetsa madzi. Wa zaka 10 amene mukulerayo sadzakuuzani kanthu, adzangoti chabwino amayi. Chonde, ngati ndalama sizikwana onse asanu ndi mmodzi, dulani ulendo, musadule ana.

Make Tada: Nangondo mwandiliza kuntchito kuno.

Aphunzitsi a Std 5: Zimenezi timaziona teremu ikatsegulidwa. Ukawauza alembe chimangirizo cha zomwe anachita pa tchuthi, wina amalemba kuti kwathu kunabwera alendo, anapita kunyanja, anatibweretsera zithunzi.

NaPhiri wa ku 25: Ndakhala kaye chete chifukwa mawuwa andilasa. Kunena zoona ndinali nditayamba kale kuwauza kuti alendo akabwera mudzagona pabalaza ndipo musadzawasowetse mtendere. Sindinaganize kuti zikumveka bwanji kwa mwana. Ndiye ndichite bwanji, poti matikiti olowera kupaki ndi malo ogona anthu asanu ndi atatu si masewera?

Bambo a Mapasa: Chotsani Mulanje. Ndi kutali, ndipo kukwera phiri ndi wa zaka 6 mudzathera kubereka. Ndalama imeneyo pangani hayala kaminibasi masiku anayi a kunyanja. Musafikire pa loji yolipira pamutu, pezani kanyumba kokhala ndi khitchini, munyamule mpunga, ufa, mbaula ndi makala, chambo kapena kampango mukagula pagombe. Anyamata matiresi pansi chipinda chimodzi, atsikana china. Ndipo kumapaki mtengo wa Mmalawi ndi wotsika kuposa wa mlendo, ndiye ana anuwo sakuwonjezerani zambiri monga mukuopera. Nyamulani ziphaso.

Chatsalira: Liwonde yokha musaichotse. Chilimwe chino nyama zimasonkhana kumtsinje wa Shire, pa boti mumaona mvuu, ng'ona ndi njovu zikumwa madzi pafupi. Chilowereni bungwe la African Parks mu 2015 zinthu zinasintha, anabweretsamo akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, ngakhale zimenezo kuziona ndi mwayi. Tsiku limodzi likwana popita ku Zomba. Ndipo poti muli ku Linthipe, miyala ya Chongoni ili pakhomo panu penipeni. Zojambula za Akafula ndi za makolo athu Achewa, malo 127, UNESCO inazivomereza mu 2006, koma ndikubetcha kuti ana anu obadwira konkuno sanapiteko.

NaPhiri wa ku 25: Musabetche, ngakhale ine sindinapiteko kkkk. Timangoona chikwangwani pa M1.

Malume a ku Chinamwali: Ine ndingokumbutsa a kuchimuna kuti pa mwambo wathu eni ana ndi ife amalume. Sabata ya ku Zomba musaidye. Kumeneko tili ndi phiri lathu, damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, Chingwe's Hole, ndi Emperor's View pomwe anaima Haile Selassie. Mulanje wachiyani? Majuzi okha anyamule.

Make Tada: Majuziwo ndi ku Dedza komwe. Anthu amaganiza kuti mwana wochokera ku Mangalande samva kuzizira. Kwawoko nyumba zimatenthetsedwa, kwa agogo mphepo imalowera pansi pa chitseko.

Nachisale wa ku Nottingham: Za wa zaka 13 ndiwonjezere, chifukwa ameneyo ndiye adzakuvuteni. Ang'onoang'ono amalowerera okha, koma wamsinkhu uwu amakhala pakona ndi foni nkhope ili gwa. Musamulande, mupatseni ntchito ya foniyo. Ajambule agogo akusimba nthano ndi kutchula mayina a makolo, ndani anabala ndani, anachokera kuti. Wanu wa zaka 12 akhale womasulira. Mawa ndi mawa agogo kulibe, mawu amenewo adzakhala chuma cha banja lonse. Mupite nayenso kumsika akasankhe yekha chitenje, telala amusokere chomwe akufuna. Za kabudula wamfupi kumudzi, mayi ake amuuze asanafike, osati azakhali kumukalipira pagulu. Chinanso, Chichewa chawo chikapotoka musaseke. Mwana wanga anati ndakhuta madzi m'malo moti ndamwa, anthu anagwa nacho chikhakhali, sanayankhulenso Chichewa mwezi wonse.

Mnyamata wa Mbewa: Nonse mwaiwala chachikulu. Ogasiti, Dedza, minda yokolola. Mnyamatayo apite kokumba mbewa basi, akabwerere ali mwamuna.

Namwino Wopuma: Apite akaonerere, koma dzanja asalowetse kuuna. M'mauna momwemo mumagona njoka. Ndipo zotentha tchire ayi.

Mnyamata wa Mbewa: Amayi inu chilichonse mumachipezera matenda kkkk. Kudya kokha adye, kapuku mmodzi sapha munthu.

Agogo a Favour: Ine ndine gogo, ndinene za mbali yathu. Adzukulu anga akabwera kuchokera ku Johannesburg ana anga amandikonzera pulogalamu ngati ndine malo okaona alendo. Afika 11 koloko, ajambula zithunzi, adya nkhuku, 3 koloko anyamuka kuopa mdima. Sindidziwa ngakhale amene amaopa mdima kapena amene amadya ndi dzanja lamanzere. Mwana umamudziwa usiku, pamoto, mbatata ili m'phulusa, iwe ukuti padangotero iye akuphunzira kuyankha tilitonse. Asiyeni agone. Sitiwadya.

NaPhiri wa ku 25: Ndamva nonse. Pulogalamu yatsopano: masiku atatu Lilongwe kuti apume, mwina tidzawaonetse Wildlife Centre, kenako Linthipe masiku khumi ana onse asanu ndi mmodzi, kuchokera komweko Mua ndi kunyanja pa minibasi, Liwonde tsiku limodzi, Zomba kwa amalume awo sabata yathunthu. Ndawauza achimwene, ayamba adandaula za Mulanje, kenako ndawawerengera uthenga wa Nangondo, angoti chitani zomwezo. Ndidzabwera kudzakuuzani.

NaPhiri wa ku 25: Abale ndabweranso monga ndinalonjezera, alendo tawaperekeza dzana. Sizinayende zonse bwino ayi. Masiku awiri oyamba kumudzi wamkulu uja analira kuti akufuna kubwerera ku Lilongwe, madzi osamba akununkha utsi, ndipo ine ndinatsala pang'ono kugonja. Kamzime kanatsegula m'mimba tsiku limodzi, tinakapatsa thanzi, kanachira. Ku Cape Maclear mwera unatiletsa boti tsiku loyamba, tinapita lachiwiri. Mikango ku Liwonde sitinaione, njovu zokha zinali mbwee. Minibasi inaphulika tayala pa Golomoti, ana anadya nzimbe m'mbali mwa msewu maola awiri, ndipo ukawafunsa akuti pamenepo ndiye panakoma.

Koma tamverani izi. Agogo anapatsa kamzime nkhuku yathadzi kuti tiphe, iko n'kuitcha dzina, nkhani yakupha inathera pomwepo, tinadya nyemba. Wamkulu uja wajambula nthano 14 ndi mayina a makolo mpaka agogo a agogo anga, ena ine sindimawadziwa. Tsiku lochoka ku Linthipe ndi iyeyo amene anakakamira agogo ake osafuna kukwera galimoto. Mnyamatayo mbewa anadya, mchira wokha anasiya, ndipo galimoto yake yamawaya anakana kuiika m'chikwama chachikulu, wakwera nayo ndege ili m'manja. Mwana wa malemu mng'ono wanga ndi amene anamuphunzitsa kusambira wa zaka 6, panopa akutumizirana mauthenga a mawu tsiku lililonse, bando yanga ikuthera pamenepo.

Nangondo: Ameneyo anakhala pati m'minibasi?

NaPhiri wa ku 25: Pawindo, kutsogolo. Anachita kulimbirana ndi wa ku Leeds, ndinawasiya athane okha.

Namwino Wopuma: Mankhwala a malungo akumalizabe? Ndipo za kwa dokotala zija mlamu wanu musamusiye, mumukumbutsenso mwezi wamawa. Anu atatuwonso anasambira nyanja yomweyo, apite akayezetse.

Bambo a Mapasa: Nambala ya dalaivala wa minibasi ija nditumizireni ku inbox, a kwathu a ku Cape Town akubwera Disembala. Koma ayambe wasintha matayala.